Msonkho wa Mafuta pa Chipata cha Mwanza: Amalipira Ndani?

Tonsefe timaona magalimoto aakulu onyamula mafuta akupita pa msewu wathu uno, koma ndi owerengeka amene amaganizira za msonkho umene mafutawo amalipiridwa. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, ndiponso silikumba mafuta. Chotero petulo ndi dizilo zimadza pa sitima zapamadzi kufikira ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mafuta a ku Beira amathiridwa m'magalimoto, nawoloka Zambezi pa Tete, nadzera ku Zobue, ndi kulowa m'dziko muno pa chipata chathu cha Mwanza. Pamenepo a kasitomu, amene ali antchito a Malawi Revenue Authority, amaona makalata a katunduyo kuti Boma lilandire gawo lake.

Tsono Boma likafuna kukweza msonkho wa mafuta olowa m'dziko, ena amati, "Zimenezo n'za eni makampani, ife tilibe galimoto." Anzanga, si tero ayi. Tiyerekeze kuti galimoto imodzi yasenza malita 30,000, ndipo Boma lawonjezera K50 pa lita. Wogula mafutawo kunja adzalipira K1,500,000 yoonjezera. Iyeyu sataya ndalama yake: imalowa m'mtengo wa pa pampu, umene amauwerengera ndi kuulengeza a bungwe la MERA. Mwini chigayo cha dizilo akagula modula, amakweza mtengo wogayitsa chimanga. Mwini lole naye amakweza mtengo wonyamulira manachesi a kuno kupita ku Blantyre, ndipo mlimi amatsala ndi phindu lochepa. Potsiriza msonkho uja umafika ngakhale m'mbale ya nsima ya mwana wa sukulu.

Palinso chinthu china chimene ife a m'malire tiyenera kuchidziwa. Mtengo wa chinthu ukakwera mbali ino koma tsidya lija n'kukhala wotsika, katundu amaleka kudzera pa chipata nayamba kuyenda m'njira za m'thengo. Izi zinaoneka ndi mafuta a mtundu wina, ndiwo ophikira. M'chaka cha 2020 Boma linaika msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti pa mafuta ophikira. Eni mafakitale a m'dziko muno anadandaula kuti mafuta otsika mtengo ozembetsedwa kuchokera ku Mozambique adzaza m'misika, ndipo malonda awo alowa pansi. M'chaka cha 2022 Boma linachotsa msonkhowo. Katundu wozembetsedwa salipira kanthu, chotero msonkho wokwera kwambiri ukhoza kuchepetsa ndalama zimene Boma limayembekeza kulandira.

Komabe tisanene kuti msonkho ndi choipa. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali ndalama ina yokonzera misewu ndi ina yofikitsira magetsi kumidzi, ndipo zonsezi n'zothandiza ife tomwe. Chofunika ndi muyeso. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chotero tikamva kuti msonkho wa mafuta ufuna kukwera, tizifunsa mafunso awiri: kodi adzalipira potsiriza ndani, nanga mtengo wa ku Zobue ndi wa ku Mwanza udzasiyana motani?