Magetsi Akazima kwa Masiku, Madzi Ndiwo Amayamba Kusowa

Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko la Malawi linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba kufikira poti mabanja ena ku Zambia ankakhala opanda magetsi maola 21 pa tsiku.

Ambiri akamva za kuzima kwa magetsi amathamangira kukagula makandulo. Komatu mdima ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi ludzu. Madzi a m'mipope amakankhidwa ndi makina oyendera magetsi. Mwachitsanzo, madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry, pa Shire, n'kukwezedwa chitunda ulendo wonse. Makinawo akaima, mipope imauma, zimbudzi za madzi zimaleka kugwira ntchito, ndipo anthu amayamba kutunga m'zitsime zosatetezedwa, momwe kolera imabisala.

Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu aliyense tsiku lililonse, akumwa, ophikira ndi osamba. Choncho banja la anthu 6 liyenera kusunga malita 90 a tsiku limodzi lokha, m'zigubu zotsuka bwino ndi zovindikira. Madzi okayikitsa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Nachonso chimanga chipite kuchigayo magetsi akadalipo.

Furiji yosatsegulatsegula imasunga chakudya kwa maola pafupifupi 4, pamene furiza yodzaza imatha kufika masiku awiri. Zipangizo zizulidwe kukhoma, chifukwa magetsi akamabwerera nthawi zina amadza ndi mphamvu yopitirira muyeso.

Choopsa kwambiri ndi mbaula. Makala oyaka m'nyumba yotseka mazenera amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka kapena kununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Jenereta imatulutsanso mpweya womwewo, motero malo ake ndi panja, kutali ndi mazenera.

Pali zina zimene banja silingathe palokha. Anthu oyandikana adziwiretu mjigo umene uli pafupi, akonze wowonongeka nthawi ikadalipo, ndipo adziwe khomo limene kuli okalamba kapena wodwala shuga amene mankhwala ake a insulin amafuna malo ozizira. Agwirizanenso zolondera thiransifoma ya m'dera lawo: mbava za mafuta ndi mawaya a kopa zimakonda nthawi imene nthambo zilibe moto, ndipo zikaba, magetsi amabwerera kwina konse kupatula kumeneko.