Nyanja ya Chia ndi Mapiri a Ntchisi

Kumwera kwa boma la Nkhotakota kuli nyanja yaing'ono yotchedwa Chia. Madzi ake amatuluka pa kamtsinje kakafupi ndi kukaloŵa m'nyanja ya Malaŵi. M'nyanja ya Chia muli chambo ndi milamba, ndipo m'madambo a m'mbali mwake anthu amalima mpunga.

Madzi a Chia amachokera kumapiri a Ntchisi. Amatsika ndi mitsinje monga Lifuliza ndi Likoa. Paphiri la Ntchisi pali nkhalango imene boma linaiteteza mu 1924. Mvula ikamagwa m'nkhalangomo, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, ndipo mizu imagwira nthaka. Madzi amaloŵa pansi pang'onopang'ono, natuluka m'akasupe ngakhale m'chilimwe.

Koma kunja kwa nkhalangoyi mitengo yambiri inadulidwa. Ina inapita ku nkhuni ndi makala, ina ku zigafa za fodya, ina inagwa potsegula minda m'malo otsetsereka. Zoterezi zinachitikanso m'mapiri a Dowa. Pamalo opanda mitengo mvula imakokolola nthaka, ndipo mitsinje imafiira ndi matope. Matope ochokera ku Ntchisi amakadikha m'nyanja ya Chia. Nyanjayo imaphwa, ndipo malo oswerana nsomba amakwiririka. Motero mlimi wa kumtunda amataya chonde, msodzi wa kumunsi namataya nsomba.

Mu 2004 bungwe la Total LandCare linayamba ntchito yoteteza Chia pamodzi ndi anthu a m'midzi ya ku Ntchisi ndi ku Nkhotakota. Alimi anabzala mitengo m'mbali mwa mitsinje. Anaunga mizere yopingasa potsata akalozera, nabzala udzu wa vetiva kuti utchinge nthaka. Asodzi nawo anapatula malo ena m'nyanjamo kuti nsomba ziziswana popanda wozivutitsa.

Msodzi yekha sangathe kupulumutsa Chia, chifukwa matope amachokera kutali. Afunika kugwirizana ndi mlimi wa kumapiri. Pajatu akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mafunso
1. Kodi nyanja ya Chia ili m'boma liti?
2. Tchulani mitsinje iŵiri imene imathira mu Chia.
3. Kodi mitengo imateteza bwanji nthaka?
4. Fotokozani mmene kudula mitengo ku Ntchisi kumavutitsira asodzi a ku Chia.