Ulendo wa Tsiku Limodzi ku Franschhoek

Lero tiyeni ku South Africa. Basi ya alendo imanyamuka m'mamawa ku Cape Town, nkudzera ku Stellenbosch, tauni yakale ya mu 1679. Ikatsetsereka pa Helshoogte, minda ya mpesa ili mbali zonse mpaka ku Franschhoek, katauni kozingidwa ndi mapiri. Dzinali litanthauza ngodya ya Afalansa, kaamba ka Akhristu othawa chizunzo kwao amene anafika mu 1688.

Pa famu mlendo amalawitsidwa vinyo woyera poyamba, wofiira pambuyo. Amanunkhiza, kulawa, kenaka kulavulira m'kambiya. Si mwano ayi; akuopa kuledzera ulendo usanathe.

Tsono pali nkhani imene mlendo ayenera kufunsa wotsogolera ulendo. Minda imeneyi inalimidwa ndi akapolo. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, antchito ankalandirabe vinyo ngati gawo la malipiro. Lamulo linaletsa zimenezi mu 1960, koma mchitidwewo unapitirira mpaka m'ma 1990. Chilonda chake sichinapole: m'derali ana ambiri amabadwa ndi ubongo wosakula bwino chifukwa amayi awo ankamwa ali oyembekezera.