Denga la gebulo silinakalambe

Ntchito yanga ndi yokhoma madenga, ndipo masiku ano ambiri amene akumanga m'mapulazi a kuno ku Mashonaland, kaya ku Mvurwi, Banket kapena Karoi, amafuna denga lobisika kuseri kwa khoma, lija aliona m'mayadi a ku Harare. Ndikangotchula gebulo nkhope zimakwinyika. Amati limenelo ndi denga la kukomboni. Ine ndimalikonda kwambiri, ndipo ndili ndi zifukwa.

Gebulo ndi denga la mbali ziwiri zokumana pamzere umodzi pamwamba, khoma la kumapeto n'kukwera mpaka kuthera nsonga. Lilibe zokhotakhota, ndipo mphamvu yake yagona pamenepo. Madzi salowa pakati pa lata labwinobwino. Amalowa podulidwa, polumikizidwa ndi pamene aima. Denga la mbali zinayi limafuna kudula malata mopingasa pangodya iliyonse, zidutswa n'kutayika ndalama zitalipidwa kale. Lobisika lija madzi onse amathera m'ngalande ya kuseri kwa khoma; masamba akatseka paipi mvula ya mu Januwale ikukhuthuka, madziwo amabwerera m'siling'i. Pa gebulo lata limayalidwa lathunthu kuchokera pamwamba mpaka kumunsi, madzi n'kugwera kutali ndi khoma.

Wokayika akaone mabalani akale a fodya amene agogo athu ochokera ku Malawi ankasonkhezeramo moto usiku wonse. Mapulazi anasintha eni kuyambira mu 2000, koma mabalani ambiri akadali chiimire, njerwa zitada ndi utsi, denga lake la mbali ziwiri likugwirabe ntchito. Omanga aja ankadziwa kuti mpweya wotentha umakwera, ndiye anausiyira potulukira pamwamba. M'nyumba nzeru ndi yomweyo. Pakhoma losongoka lija siyani timabowo mbali zonse ziwiri, muike sefa woletsa mileme ndi mbalame. Kutentha kwa mu Okutobala kumatulukira pamenepo m'malo motsikira pa anthu ogona.

Masamu a madzi nawo ndi okoma. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Dera lathu lino limalandira pakati pa mamilimita 750 ndi 1,000 pachaka, kutanthauza kuti denga la masikweya mita 100 likhoza kutunga malita oposa 70,000. Pa gebulo magata awiri owongoka akwanira kutengera madziwo kuthanki. Ndipo mukadali kuyeza maziko, mzere wa pamwamba muuloze kum'mawa ndi kumadzulo. Mbali imodzi idzayang'ana kumpoto, komwe dzuwa limapendekera m'nyengo yozizira, ndipo mapanelo a sola adzakhala pabwino popanda kuwotcherera zitsulo zina.

Chofooka cha gebulo sindingachibise: mphepo. Khoma losongoka lija limalandira chimphepo chonse cha mvula yoyamba ngati thanga la ngalawa, ndipo mphepo ikalowa pansi pa malata otulukira kunja imanyamula denga. Madenga osasuka amene ndaitanidwa kukakonza, vuto lake limakhala lomwelomwe: makenchi anangokhazikidwa pakhoma, misomali iwiri basi. Lamba wachitsulo kapena waya wokhuthala alowe m'khoma mizere ingapo ya njerwa, makamaka pansi pa lintala, kenaka akulunge kenchi iliyonse. Matabwa ena akhomedwe mopingasa kumangiriza makenchi onse kuti asagwere mbali imodzi. Malata akhomedwe pamsana, osati m'khwawa moyenda madzi, ndipo m'mphepete misomali ichuluke.

Mitengo ya bulugamu kapena matabwa a paini ochokera ku Manicaland, zonse zimagwira, bola zikhale zouma ndi zothiridwa mankhwala a chiswe. Amene mukusasula denga lakale la asibesitosi, chonde musalidule ndi makina kapena kuliphwanya louma. Fumbi lake limawononga mapapo. Linyowetseni, mulitsitse lathunthu, ana ali kutali.