Kampani yatsopano anthu angaikhulupirire bwanji?

Masiku ano kampani iliyonse yongoyamba kumene ikudzitama kuti ili ndi makina oganiza ngati munthu, aja akuti AI. Koma ogula sakhutira ndi zapakamwa, amafuna alawe kaye.

Taonani DeepSeek ya mumzinda wa Hangzhou ku China. Liang Wenfeng adaiyambitsa mu 2023 ndipo ambiri sankaidziwa n'komwe. Mu January 2025 idatulutsa pulogalamu ya R1 n'kuiika poyera, yaulere, kuti akatswiri aiyese okha, aipezere zifukwa ngati zilipo. Atayesa adagoma. Pa 27 January masheya a Nvidia, yopanga tizipangizo toyendetsera AI, adatsika mtengo ndi pafupifupi $600 biliyoni tsiku limodzi, poti anthu adaona kuti AI yabwino itha kupangika motchipa.

Builder.ai ya ku London idali ndi dzina, Microsoft idaikamonso ndalama. Zitaululika kuti ziwerengero za malonda ake zidali zokokomeza, idagwa mu May 2025, antchito n'kuona msana wa njira.

Ndiye inu amene mukuyamba, musathamangire chikwangwani chachikulu ayi. Pezani kasitomala mmodzi ayese katundu wanu mwezi wathunthu, akadandaula konzani msanga, ndipo wofuna kuikamo ndalama akabwera muonetseni mabuku momwe alili, ngakhale phindu likhale lochepa.