Kodi Akhristu a ku Egypt Alipo Angati?

Pa kalembera wa caka ca 2010, mnyamata wolemba anthu anafika pakhomo pa mlamu wanga kuno kwa Jumbe. Atafunsa za cipembedzo, mlamuyo anayankha msanga kuti banja lonse ndi la Katolika. Cikhalireco mai a m'nyumbamo amapemphera ku Anglican monga makolo ao a ku Msoro, ndipo mwana wao wacisamba anali atalowa kale mpingo wa Pentekosite. Mnyamatayo analemba zimene anamva, natsazika. Panalibe wofuna kunama. Mwini khomo anangoyankhira onse.

Nkhaniyi ndimaikumbukira ndikamamva za abale athu a ku Egypt, dziko lija anathawirako Yosefe ndi Maria pobisa Mwana. Kumeneko anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo Akhristu, makamaka a mpingo wa Coptic, ndi ocepa. Koma ocepa motani? Kalembera wa 1986 anapeza kuti sakwana 6 pa anthu 100 alionse. Akuluakulu a mpingowo amakana, amati iwo amapitirira 10 pa 100, ndipo mboni yao ndi mabuku a ubatizo. M'dziko la anthu oposa 100 miliyoni, kusiyana kotere ndi mitu ya anthu mamiliyoni angapo.

Wina angati, nanga nambala imadyedwa? Imadyedwa ndithu. Lamulo la ku Egypt la caka ca 2016 limati kukula kwa tchalitchi comangidwa kuzilingana ndi ciwerengero ca Akhristu a pamalopo. Mukawerengedwa ocepa, mudzapempherera mopanikizana. Ndiponso cipembedzo ca munthu cimalembedwa pa citupa cake, ndipo Msilamu amene watembenuka kukhala Mkhristu sapeza njira yosinthira mau amenewo. Mumtima ndi Mkhristu, papepala adakali Msilamu.

Komabe ine amene ndagwira nchito ya ukatekisiti zaka zambiri sindingalumbire pa buku la ubatizo. Buku limenelo limadziwa kulandira, silidziwa kutsazika. Amene anasamukira ku Lusaka alimo. Amene anakabatizidwanso kumtsinje ndi mpingo wina alimo, ndipo kumeneko anamulembanso, mwakuti munthu mmodzi wasanduka awiri. Ngakhale ena amene tinawaika m'manda kale, ngati maliro ao sanalembedwe, m'bukumo akali moyo. Ndikafanizira maina a m'buku ndi mitu imene ndimaona pa Sande, ndimacita manyazi pang'ono.

Dandaulo lotere si la Akhristu okha. Kwa anansi athu ku Malawi zinthu zili mozondoka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa 100, Akatolika 17.2, ndipo atsogoleri ena a Cisilamu akhala akunena kuti anthu ao ndi ambiri kuposa pamenepo. Munthu wokulira ku Mangochi kapena ku Machinga, kumene Asilamu amaculuka kuposa Akhristu, sangamvetse msanga nambala yaing'ono cotero, pakuti maso ake amaona mizikiti m'midzi yambiri. Ku Nigeria mkangano wa mtundu uwu unakula mwakuti pa kalembera wa 2006 boma linangocotseratu funso la cipembedzo.

Mlamu wanga uja ndinamufunsa pambuyo pake cifukwa cimene anayankhira motero. Anati ukwati wao unadalitsidwa ku Katolika, ndipo kwa iye zinathera pamenepo. Mai a m'nyumbamo, amene anali kusenda nshawa pambali, anangoseka.