Thumba la Ufa la pa Ramadhan Silikwana: Mafunso ndi Mayankho

Funso: Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Nanga za udindo wa amalonda achisilamu zikubwera bwanji?

Yankho: Zikubwera chifukwa chuma sichitsata kuchuluka kwa anthu. Asilamu ndi ochepa m'Zambia, koma wooda katundu ku Kamwala akudziwa kuti masitolo ambiri kumeneko ndi a mabanja amene makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Chitenje chimene chikugulitsidwa ku Chawama chimadutsa m'manja mwawo, ndipo mnyamata wokweza makatoni pa lole yawo amagona ku komboni ya Kanyama kapena ya George. Chipembedzo chawo chili ndi malamulo ake a chuma, kotero muyeso woti tiwayesere ndi wawo womwe, sitichita kukabwereka kwina.

Funso: Koma si akupereka kale? Pa Ramadhan timaona ufa, mafuta ophikira ndi mabulangete akugawidwa m'makomboni.

Yankho: Akupereka ndithu, ndipo wanjala sanyoza thumba la ufa. Mabungwe ngati Makeni Islamic Society Trust akhala akuyendetsa sukulu ndi chipatala kwa zaka zambiri. Koma Chisilamu chimasiyanitsa zinthu zimene ife timaziika m'dengu limodzi. Zakaat ndi 2.5 pa 100 iliyonse ya chuma chimene chatha chaka m'manja mwa mwini wake, bola chifike pa mtengo wa golide wa magalamu pafupifupi 85, ndipo katundu wa m'sitolo amawerengedwa nawo. Sura 9 ndime 60 ya Qur'an imatchula magulu 8 oyenera kulandira. Zakaat ndi ngongole, ndipo wobweza ngongole saimbiridwa nthungululu. Sadaka ndiyo yaufulu. Koma pansi pa ziwirizi pali chilungamo pa malonda penipenipo: sura 83 imadzudzula ochepetsa muyeso, Mtumiki Muhammad analamula kuti waganyu alipidwe mosachedwa, ndipo katapira, amene kuno timati kaloba, ndi woletsedwa. Ine ndikuti udindo wa kampani umayambira apa. Taonani mayi wa ku Mtendere amene amagula thumba la ufa lolembedwa makilogalamu 25 n'kuligawa m'timapepala ta pamela. Thumbalo likapelewera kilogalamu imodzi, iye sangathe kuluza, ndiye amachotsa kadzanja pa pamela aliyense, ndipo mbala yeniyeni imaonekera pa mbale ya mwana madzulo. N'chimodzimodzi ndi wantchito amene wakhala zaka pa sitolo imodzi akulipidwa ngati wapisiweki, pamene lamulo la ntchito la 2019 limakaniza kusunga munthu pa ganyu ntchito yake ili yokhazikika. Bwana wotereyu akamupatsa thumba la ufa pa chikondwerero cha Idi, wangomubwezera kachigawo ka zake zomwe.

Funso: Katswiri wa zachuma Milton Friedman analemba mu 1970 kuti ntchito ya kampani ndi kupanga phindu. Wamalonda akalipira msonkho ku bungwe la boma la ZRA, madzi ndi zimbudzi si za boma ndi khonsolo?

Yankho: Pali choona pamenepa, ndipo sindifuna kuti boma lipeze pobisala. Koma kolera safunsa kuti udindo unali wa yani. Kanyama yakhala pa thanthwe la laimu long'ambikang'ambika, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo. Mliri wa 2017 utakula, mu Januwale 2018 asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu, misika inatsekedwa, ndipo anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku. Wa 2023 mpaka 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Masabata amenewo wa ku Kamwala anagulitsa kwa yani? Ngakhale pa masamu a Friedman, madzi abwino ku komboni ndi phindu la mwini sitolo. Msilamu ali ndi chifukwa china chakale kwambiri, chimene chimatchedwa waqf: chuma chopatulidwa kuti chisagulitsidwe, chizingotumikira anthu. Chitsanzo chodziwika ndi cha Uthman ibn Affan, amenenso anali wamalonda, yemwe anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kuti aliyense azitunga. Komabe waqf wa lero usakhale wongoboola mjigo n'kujambulitsa chithunzi, poti mjigo wosayezedwa ku Kanyama ungathe kugawa matenda omwewo. Ku George, madzi amene Japan inathandiza kukhazikitsa m'zaka za m'ma 1990 anabwera ndi mipopi ya onse komanso dongosolo loti ogwiritsa ntchito azisonkha ya kukonzera. Ndalama za amalonda zilowe m'zinthu zotere: mankhwala a m'madzi, mapaipi, kupopa zimbudzi mvula isanayambe, mogwirizana ndi oyendetsa madzi a m'deralo.

Funso: Kodi thandizo lotere silithera kwa Asilamu okhaokha, kapena kukhala nyambo yokopera anthu ku mzikiti?

Yankho: Mashehe ambiri amaphunzitsadi kuti zakaat ipite kwa Asilamu osauka, ndipo palibe chobisa apa. Koma sadaka ndi waqf zilibe malire amenewo, ndipo malipiro oyenera ndi a wantchito aliyense, kaya amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamlungu. N'chifukwa chake ndikukonda madzi kuposa matumba. Thumba limagawidwa ndi munthu wogwira mndandanda wa maina, ndipo iye angathe kusankha. Mayi wobwera ndi chigubu cha malita 20 pa mpopi safunsidwa dzina. Inu amalonda a ku Kamwala, Ramadhan ikubwerayi gawani ufa monga mwa nthawi zonse, koma muyambe mwayezetsa sikelo yanu ndi kulembera antchito anu makalata a ntchito.